Kodi ku koleji ya m'dera angandiphunzitse kujambula ndi mbiri ya zaluso? Yankho kwa mnyamata wa ku Mangochi

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amakhala kufupi ndi msika wa pa Boma kuno ku Mangochi. Analemba mayeso a MSCE zaka ziwiri zapitazo, ndipo pakali pano amapeza ndalama polemba zikwangwani za magolosale, malo ometera ndi mayina a maboti, koma nthawi zina amajambula zithunzi za nyanja n'kukagulitsa kwa alendo ku Cape Maclear. Iye akuti wakhala akuwerenga pa intaneti za anthu amene anaphunzira kujambula ndi mbiri ya zaluso ku community college, ndiye popeza kuno kwathu nakonso kuli makoleji a dzina lofanana ndi limenelo, akufunsa ngati kuli bwino kuti akalembetse. Pomaliza anaulula kuti sakuona chimene mbiri ya zaluso ingamuonjezere munthu amene dzanja lake limajambula kale bwino.

Achimwene, ndiyambe ndi dzinalo, chifukwa ndi limene lakusokonezani. Anthu ambiri amene mwawawerengawo akunena za makoleji a ku America, kumene community college ndi sukulu ya boma ya zaka ziwiri yomwe imapereka digiri yaing'ono yotchedwa associate degree. Imene imadziwika kuti ndi yakale kuposa zonse ndi Joliet Junior College ya ku Illinois, yomwe inayamba mu 1901. Wophunzira zaluso kumeneko amayamba ndi kujambula ndi pensulo ndi makala, kenako kasanjidwe ka zinthu pa pepala, kasakanizidwe ka mitundu ndi kuumba, ndipo pambali pa zimenezi amatenga maphunziro a mbiri ya zaluso amene kawirikawiri amagawidwa pawiri: gawo loyamba limachokera pa zojambula za m'mapanga kufika ku matchalitchi akuluakulu a ku Ulaya, ndipo lachiwiri limayambira nthawi ya Renaissance ku Italy kufika lero. Akamaliza, ambiri amasamukira ku yunivesite kukatsiriza zaka ziwiri zotsala. Mlendo wochokera kunja amalipira ndalama zambiri kuposa mbadwa, amafunika chiphaso cha ophunzira, ndipo ayenera kuonetsa kuti ali ndi ndalama zodzisamalira, choncho njira imeneyi musaiwerengere ngati mulibe wachibale kapena bungwe lokulipirirani.

Makoleji athu a m'madera ndi chinthu china. Anayamba mu 2015 mu ulamuliro wa a Peter Mutharika, woyamba kutsegulidwa unali wa ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo maphunziro ake amayendera ndondomeko ya bungwe la TEVETA. Cholinga chake ndi ntchito zamanja zoti munthu adzilembe yekha ntchito, monga kumanga nyumba, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo ndi utelala. Mukapita kumeneko mukuyembekezera kukamva za wojambula wotchuka wa ku Italy Leonardo da Vinci mudzabwerako mutakhumudwa. Kumene zaluso zimaphunzitsidwa mpaka pa digiri ndi ku University of Malawi ku Zomba, komwe akulu akulu timakutchulabe kuti Chancellor College, ndipo kuti mukalowe pamafunika makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Simunanene mmene munakhozera, koma ngati makirediti alipo, khomo loyamba kugogoda ndi limenelo.

Tsopano ndibwere pa funso lanu lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa loyambalo. Mukadzapitanso ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear kuja, mudzayende pang'onopang'ono pamene anzanu amayala zithunzi zawo, ndipo mudzawerenge kuti ndi zingati zimene zikuonetsa dzuwa likulowa, bwato lili pakati, mlambe uli pambali, mayi atasenza mtsuko. Ambiri mwa anyamata amenewa manja awo ndi aluso kwambiri, ena mwina kuposa inu, koma aliyense akujambula chimene anaona mnzake atagulitsa dzulo, ndipo chifukwa zithunzizo n'zofanana, mlendo amangosankha chotsika mtengo. Chimene chikusowa pamenepo si luso la dzanja ayi. Chikusowa ndi kudziwa kuti panali njira zina zambirimbiri zojambulira nyanja, munthu kapena nsomba, zimene anthu anayesa kale, ndiponso zifukwa zimene anaziyesera. Phunziro la mbiri ya zaluso limapereka zimenezo. Limakuphunzitsani kuima patsogolo pa chithunzi n'kufunsa kuti anachipanga ndani, ndi zipangizo zanji, analipira ndani, chinkaikidwa pati, ndipo amene ankachiona ankamva chiyani.

Mwachitsanzo, njira imene mumagwiritsa ntchito pojambula msewu kuti uzioneka ukunka nuchepa mpaka kuthera pa kadontho kamodzi patali si yachibadwa. Inakhazikitsidwa ku Florence m'zaka zoyambirira za m'ma 1400, ndipo dzina limene limatchulidwa pa nkhaniyi ndi la mmisiri womanga nyumba Filippo Brunelleschi. Mukadziwa kuti ndi njira imodzi chabe imene anthu ena anasankha pa nthawi yawo, mumakhala ndi ufulu woisiya pamene sikukuthandizani. Wojambula wa ku Spain Pablo Picasso anaisiya mu 1907, chaka chimene anakaona zigoba ndi ziboliboli za ku Africa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Trocadéro ku Paris, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti ana athu ambiri amayamba kulemekeza chigoba pokhapokha atamva kuti mzungu wotchuka anachisirira.

Chifukwa chake ndimakonda kuti munthu ayambire pafupi. Ku mapiri a Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, zomwe zambiri ndi mizere ndi zozungulira, zimagwirizanitsidwa ndi Akafula, pamene zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, zinajambulidwa ndi Achewa ndipo zina zimakhudza chinamwali, zina gule wamkulu. Kufupi ndi kwathu kuno, mukadzera msewu wa Golomoti, mufika ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Kumeneko kwadutsa amisiri ambiri osema mitengo, ndipo m'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana pamodzi ndi zofotokoza za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Tsiku limodzi lokhala m'nyumba imeneyo muli ndi kope ndi pensulo lidzakuphunzitsani zambiri za nkhope ya munthu, za mmene diso lokulitsidwa kapena mano otuluka amanenera khalidwe, kuposa mwezi wathunthu wokopera zithunzi za pa Facebook.

Palinso nkhani ina imene anthu a m'boma lino ayenera kuidziwa. Mu 1966, mlimi wa fodya dzina lake Tom Blomefield, amene malonda ake anaima chifukwa cha zilango zimene mayiko anaika pa Rhodesia (Zimbabwe ya lero), anasandutsa famu yake ya Tengenenge kufupi ndi Guruve kukhala mudzi wa osema miyala. Ambiri mwa amene anayamba kusema kumeneko anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, ndipo pakati pawo panali Achewa ndi Ayao, monga Lemon Moses ndi Josiah Manzi, amene mizu yawo ndi ya kuno ku Malawi. Lero dziko lonse limatchula ziboliboli zimenezo kuti ndi za Ashona, ndipo munthu amene sanaphunzire mbiri sangadziwe kuti manja a abale athu opita ku Halale anali momwemo. Ku Dar es Salaam nako, Edward Saidi Tingatinga anayamba mu 1968 kujambula nyama ndi mbalame ndi penti wopakira njinga pa timatabwa ta siling'i, ndipo ngakhale anamwalira mu 1972, kajambulidwe kake kakadali ndi dzina lake mpaka lero. Ndamutchula dala chifukwa penti wake sankasiyana kwenikweni ndi amene mumalembera zikwangwani.

Dzina limene munasaina pa kalata yanu likundipangitsa kuganiza kuti mwina ndinu wa banja la Chisilamu, ndipo ndikudziwa kuti m'mabanja ena makolo sakondwera ndi kujambula nkhope za anthu ndi nyama. Nkhani imeneyo mukambirane ndi makolo ndi mashehe anu, koma dziwani kuti mbiri ya zaluso ili ndi gawo lalikulu la luso la Chisilamu, la kalembedwe kokongola ka zilembo za Chiarabu ndi mizere yolukanalukana ngati imene ili pa makoma a Alhambra, nyumba yachifumu yakale ya ku Granada m'dziko la Spain. Munthu wolemba zikwangwani amene anadutsa ku madrasa ali kale ndi poyambira pabwino.

Nanga koleji ya m'dera muisiye? Ine ndikuti ayi, bola mupite mukudziwa chimene mukukatenga. Wojambula amene amadziwa ukalipentala amadzikhomera yekha mafelemu ndipo amadziwa khalidwe la mbawa ndi mlombwa. Wodziwa kuwotcherera angathe kupanga chiboliboli chachitsulo choima pabwalo la loji, chimene mtengo wake sungafanane ndi wa kachithunzi ka dzuwa lolowa. Ngakhale utelala musaupeputse, chifukwa Billie Zangewa, amene anabadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg, zithunzi zake zimene zimaonetsedwa m'mayiko ambiri amazisoka ndi singano pa nsalu ya silika. Ntchito yamanja idzakudyetsani pa miyezi imene alendo sabwera kunyanja, ndipo mbiri ya zaluso mungaiyambe panokha pa foni, popeza tsamba la Smarthistory limapereka maphunziro amenewa kwaulere, ngakhale kuti ndi a m'Chingerezi ndipo mavidiyo ake amadya bandulo.

Ngati mtima wanu uli pa yunivesite, kumbukirani Samson Kambalu, amene anaphunzira zaluso ku Zomba komweku ndipo tsopano ndi pulofesa ku Oxford. Mu 2022 chiboliboli chake chotchedwa Antelope chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London. Chikuonetsa John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley, ndipo anachitenga pa chithunzi cha mu 1914, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Chilembwe anamukulitsa, Chorley anamusiya pa msinkhu wa munthu wamba. Mphamvu yonse ya ntchitoyo yagona pa chipewacho, ndipo chipewacho anachipeza powerenga mbiri.

Inu muyambe Loweruka likubwerali. Mutenge kope lopanda mizere mupite pa nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, muijambule katatu: m'mawa, masana ndi madzulo. Kenako mulowe mu Lake Malawi Museum, musankhe chinthu chimodzi chokha, muchijambule, ndipo pansi pake mulembe amene mukuganiza kuti anachipanga, chimene anachipangira ndi mmene chinafikira mmenemo. Mukatha munditumizire masamba anayiwo pamodzi ndi zotsatira zanu za MSCE, kuti tione ngati za ku Zomba zingatheke.