Damu lakale likuchucha kuseri: yankho langa kwa bambo amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zimene ndimalemba. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: malemu bambo awo anawasiyira malo okhala ndi damu la dothi, lomangidwa zaka pafupifupi 50 zapitazo. Sathirira nalo mbewu, ndi longopumulirako: kuwedza, kusambira, ndi kupalasa kabwato ana akatsekera sukulu. Pakhoma pake pamera mitengo ikuluikulu, m'munsi mwa khomalo chakuseri muli malo amene sauma ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo chaka chatha anatchinga ngalande yotayira madzi ndi waya wa sefa kuti nsomba zisamathawe. Funso lawo ndi lakuti, kodi pali chodetsa nkhawa apa, poti damuli lakhala zaka zonsezi osagumuka?

Bambo, zikomo kwambiri polemba, ndipo pepani ndi imfa ya bambo anu. Chodetsa nkhawa chilipo, sindikubisirani. Zaka 50 zija zikutiuza kuti khomalo linapirira mvula zimene zinagwa kale. Za mvula ya chaka chamawa sizikutiuza kanthu, chifukwa khoma la dothi limakalamba m'kati momwe maso safika.

Ndiyambe ndi sefa ija, popeza ndi imene yandisowetsa mtendere chiwerengereni kalata yanu. Kaichotseni, pa tsiku limene madzi sakuthamanga m'ngalandemo. Ngalande yotayira madzi ndi khomo lokhalo limene madzi ochuluka amatulukira mvula yamphamvu ikagwa. Mvula yotere siibwera yokha, imakokolola masamba, nthambi, udzu ndi mapulasitiki, zonsezo n'kukakamira pa sefa mpaka patatsekeka ngati chipupa. Madzi akasowa potulukira amakwera n'kuyamba kudumpha pamwamba pa khoma. Khoma la konkire likhoza kupirira zimenezi, koma la dothi ayi. Madzi amayamba kukumba kangalande kuseri, kangalandeko kamadya chobwerera m'mbuyo mpaka kudula khoma lonse, nthawi zina m'maola ochepa chabe. Kusefukira kotereku ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene madamu a dothi amagumukira padziko lonse.

Zimenezi zinachitikapo, ndipo pa damu lachisangalalo ngati lanulo. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, kunali damu lotchedwa South Fork limene linali m'manja mwa kalabu ya anthu olemera okonda kuwedza ndi kusaka. Andrew Carnegie ndi Henry Clay Frick, akuluakulu a makampani opanga zitsulo, anali ena mwa mamembala ake. Pamwamba pa khoma anasadzulapo kuti msewu wa ngolo ukule, pangalande yotayira madzi anaikapo zotchinga kuti nsomba zisatuluke, ndipo mapaipi ophwetsera damulo, amene anali atachotsedwa kale, sanawabwezeretse. Pa 31 May 1889, mvula itagwa yoopsa, madzi anadumpha khoma ndipo linagumuka. Mumzinda wa Johnstown ndi m'midzi ya m'chigwacho munafa anthu oposa 2,200. Damu lanu ndi laling'ono poyerekeza ndi limenelo, koma madzi sasintha khalidwe chifukwa damu lachepa.

Tsopano malo onyowa aja. Pano ndikhalitsapo, chifukwa anthu ambiri amalakwitsa mbali ziwiri: ena amachita mantha ndi chinyezi chilichonse, ena amangoti ndi kasupe. Damu lililonse la dothi limachucha pang'ono, palibe losachucha. Nkhani ili pa mtundu wa madzi akutulukawo ndi kuchuluka kwake. Madzi oyera, otuluka mofanana mwezi ndi mwezi, nthawi zambiri amangofunika kuwayang'anira. Koma akakhala a mbuu, kapena mukaona timchenga taunjikana pamene akutumphukira, dziwani kuti akunyamula dothi la m'kati mwa khoma. Njira imene ayitsegula imakula pang'onopang'ono kulowera kumene kuli madzi a m'damu, ndipo ikangobowoleza, khoma limapita. Zimenezi sizidikira mvula, zikhoza kuchitika kunja kuli ngwee.

Ndiye chitani izi. Lambulani pamalopo kuti muone pamene madzi akutulukira penipeni, osakumba khoma. Asonkhanitseni mu kangalande kamodzi, mutchere ndowa, muwerenge pa wotchi nthawi imene ikutenga kuti idzaze. Tunganinso ena mu botolo loonekera m'kati, mulisiye usiku wonse, m'mawa muone ngati pansi padikha matope. Lembani zonsezi mu kope pamodzi ndi tsiku komanso pamene madzi a m'damu alekeza, ndipo jambulani chithunzi mutaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Khomani zikhomo m'mbali mwa chinyezicho kuti mudziwe ngati chikukula. Kope limeneli lidzathandiza injiniya kuposa chilichonse chimene mungamuuze pakamwa. Madzi akachuluka mwadzidzidzi, akada, mukaona dzenje latitimira pakhoma kapena madzi akuzungulira ngati akumizidwa pafupi ndi khoma m'kati mwa damu, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Yambani mwachenjeza anthu a kumunsi kuti akwere kumtunda, kenako muimbire akuluakulu oona za ngozi.

Za mitengo ndikudziwa kuti zikupwetekani, mwina ina anabzala ndi bambo anu ndipo mumakhala pamthunzi pake powedza. Komabe mtengo malo ake si pakhoma la damu. Mizu imalondola chinyezi, ndipo mtengo ukafa mizuyo imawola n'kusiya timipata tomwe madzi amadzeramo. Mphepo ikauzula umachoka ndi chibuma chachikulu cha khoma. Choipa china n'chakuti thengo limabisa ming'alu, maenje a mbewa ndi mfuko, ndi zulu za chiswe, moti simungaone vuto likadali laling'ono. Timitengo ting'onoting'ono ndi zitsamba dulani nokha. Ikuluikuluyo musaigwetse kapena kuizula popanda injiniya, chifukwa chitsa chosiyidwa chimawola, pamene dzenje la chitsa chozulidwa liyenera kukwiriridwa ndi dothi loyenera lotsinderedwa bwino, kawirikawiri madzi atatsitsidwa kaye. Chofunika pakhoma ndi udzu waufupi wotchetchedwa, ndipo ziweto zisamadyepo.

Pali chinthu chimodzi chimene simunachitchule, ndipo ndikufuna mukachifufuze: paipi yodutsa pansi pa khoma. Madamu ambiri akale ali nayo, ina ya malata okhala ndi mizere, imene dzimbiri limaidya m'kati mwakachetechete. Ikabooka imayamwa dothi la khoma, ndipo madzi ena amayenda chotsatira kunja kwake. Pitani kumene imatulukira mukaone ngati madzi akutuluka m'kamwa mwa paipi kapena m'mbali mwake. Onaninso kumene kuli valavu, chotsegulira ndi kutsekera madzi m'paipimo. Ikakhala kuseri kwa khoma, ndiye kuti paipi yonse imakhala yodzaza ndi madzi amphamvu usana ndi usiku m'kati mwa dothi, zimene si zabwino pa paipi yokalamba. Ngati valavuyo yatha zaka osatsegulidwa, musalimbane nayo nokha, ikhoza kutseguka n'kukana kutsekeka. Masiku ano akatswiri amalowetsa kamera m'paipi n'kuona momwe ilili. Ndipo ngati padzafunika kutsitsa madzi, amatsitsa pang'onopang'ono, chifukwa kuwaphwetsa mothamanga kumasiya dothi la mbali ya m'kati lili lonyowa ndi lolemera popanda chouligwira, n'kutsetsereka.

Ndimakumbukira kawirikawiri damu la Kelly Barnes ku Toccoa Falls, m'chigawo cha Georgia ku America. Linali la dothi, litasiya kale ntchito yopanga magetsi, nyanja yake ikungogwira ntchito yachisangalalo, khoma litamera mitengo ndi thengo. Linagumuka usiku wa pa 6 November 1977 patagwa mvula ya masiku angapo, ndipo anthu 39 a pa koleji ya Baibulo imene inali kumunsi anafa, ambiri ali m'tulo, ana ali pomwepo. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti tsiku lina muyende wapansi kutsata khwawa kuchokera pakhoma kutsikira kumunsi. Muwerenge nyumba, milatho, misewu ndi malo amene ana amasewera. Zaka 50 zapitazo mwina kunali tchire lokhalokha, lero kuli mabanja. M'maiko ambiri kuopsa kwa damu amakuyeza ndi zimene zili kumunsi kwake, ndipo likagumuka mlandu umagwera mwini wake. Funsani ku ofesi ya boma yoona za madzi kwanuko ngati damu lanu linalembetsedwa ndi zimene lamulo limafuna kwa inu. Tengani manambala a foni a anthu a kumunsiwo, muwauze kuti kumtunda kwawo kuli damu, mugwirizane kothawira.

Injiniya mumufunadi, ndipo akhale wodziwa za madamu, osati aliyense amene ali ndi thirakitala yokumbira. Kuthira dothi pamalo ochucha kapena kukweza khoma mwachisawawa kukhoza kuwonjezera vuto. Akabwera mufunseni ngati ngalande yanu ingakwanitse mvula yaikulu malinga ndi momwe kumtunda kulili lero, popeza mitengo ikatha kapena nyumba zikachuluka madzi amatsika ambiri ndiponso mothamanga. Mtengo wokonzera ukakukulirani, mukhoza kusunga madzi otsikirapo mpaka kalekale, kapena kulitsegula damulo mwadongosolo kuti mtsinje uziyenda. Ine sindingakuoneni ngati mwanyoza malemu mukasankha zimenezo.

Loweruka likudzali valani nsapato za mphira, mutenge chikwanje, ndowa, botolo ndi kope. Muyambire pa sefa ija, kenako mutsikire kuseri kwa khoma. Mukaona zimene zadikha pansi pa botolo, mundilemberenso.