Zaka 64 ali phungu: kodi a Fred Risser ankapambana bwanji?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anamva za mkulu wa ku America amene anakhala phungu zaka 64, ndiye akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati anthu sankatopa naye, popeza kwathu kuno aphungu ambiri amagwa akangotha zaka zisanu zoyamba.

Mayi, n'zoona ndithu. Mkuluyo ndi a Fred Risser a chipani cha Democratic, obadwa mu 1927 mumzinda wa Madison, likulu la chigawo cha Wisconsin. Sanali phungu wa ku Washington ayi. Ku America chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, ndipo ya ku Wisconsin ili pawiri: Assembly ya aphungu 99 osankhidwa zaka ziwiri zilizonse, ndi Senate ya anthu 33 okhala zaka zinayi. A Risser anasankhidwa kulowa mu Assembly mu 1956, mu 1962 n'kusamukira ku Senate, ndipo anakhala komweko mpaka Januwale 2021. Mpandowo sanachite kulandidwa, anautula okha ali ndi zaka 93. Palibe phungu wa chigawo m'mbiri ya America amene anakhalitsa kuposa iwo.

Nanga ankapambana bwanji? Ndisakubisireni, dera lawo linkawathandiza kwambiri. Ku Madison kuli yunivesite yaikulu ndi anthu ochuluka ogwira ntchito m'boma, ndipo amenewa akhala akuvotera chipani cha Democratic kwa zaka zambirimbiri. Wisconsin ilibenso lamulo loletsa phungu kuimanso kangapo. Dzina nalo linali lodziwika kale, chifukwa bambo awo, agogo awo ndi bambo a agogo awo onse anakhalapo m'nyumba yomweyo. Komabe dzina lokha silisunga mpando. Bambo awo omwewo anagonja mu 1948 kwa Gaylord Nelson, amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa.

Chimene ine ndimawalemekezera ndi kusatopa pa nkhani imodzi. Kwa zaka zambiri ankalimbana ndi kusuta fodya m'malo amene anthu amasonkhana, eni mabala n'kumawakanira mwamphamvu. Lamulo loletsa kusuta m'malo antchito, m'malesitilanti ndi m'mabala linadzasainidwa mu 2009 ndi bwanamkubwa Jim Doyle, n'kuyamba kugwira ntchito mu Julayi 2010. Taganizirani mtsikana woperekera zakumwa usiku wonse, amene kale ankabwerera kunyumba tsitsi ndi zovala zikununkha utsi wa anthu ena. Phungu wa zaka zisanu zokha sakanaiona nkhondo imeneyi ikufika kumapeto.

Ndiye pali za mu 2011. Bwanamkubwa Scott Walker wa chipani cha Republican anabweretsa bilu yochepetsa mphamvu za mabungwe a anthu ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi omwe, pokambirana ndi owalemba ntchito. Kuti Senate ivotere bilu yokhudza ndalama pamafunika masenata 20, pamene a Republican analipo 19. Masenata onse 14 a Democratic anangonyamuka kupita ku Illinois, chigawo choyandikana nacho, kuti chiwerengero chisakwane. A Risser, ali ndi zaka 83, anali m'gulu lomwelo, ndipo anakhala kunja milungu itatu pamene khamu la anthu otsutsa biluyo linkagona pansi m'nyumba ya malamulo ku Madison. Sanapambane. A Republican anachotsamo mbali zokhudza ndalama n'kuidutsitsa biluyo okhaokha. Ena anati masenatawo anathawa ntchito, ndipo mawu amenewo sindiwapeputsa. Koma anthu a ku Madison, ambiri a iwo okhudzidwa ndi lamulolo, anaona kuti mkuluyo wawaimira, ndipo mu 2012 anamusankhanso, mu 2016 chimodzimodzi.

Funso lanu la kutopa lili ndi mbali ina imene imandivutitsa maganizo, mayi. Zaka 64 ndi mibadwo iwiri ya achinyamata a ku Madison amene anadikira mpaka kumera imvi mpando usanapezeke. Atangolengeza mu 2020 kuti akupuma, anthu angapo anathamangira chisankho chachipulula cha chipani chawo, ndipo anapambana ndi mayi Kelda Roys, amene anabadwa a Risser atakhala kale phungu zaka zoposa 20.