Chifukwa chake timu ya NHL imapereka wotchinga kumbuyo osalandira kanthu

Mmodzi mwa owerenga athu wandilembera imelo kufunsa kuti zimatheka bwanji kuti timu ya hockey yoseweredwa pa ayezi mu NHL, ligi yaikulu ya ku America ndi Canada, ipereke wosewera wake wotchinga kumbuyo kwa timu ina, n'kuwonjezerapo mwayi wosankha wachinyamata pa draft (mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankha osewera atsopano mosinthana, ndime ndi ndime), koma iyo osalandira kalikonse. Achimwene, funso lanu ndi lomveka, makamaka kwa ife amene tinazolowera mpira wamiyendo, kumene timu ikagulitsa wosewera imalandira ndalama. Mu NHL ndalama siziloledwa posinthana osewera, choncho chimene timu imapindula pa malonda otere ndi mpata wolipirira ena.

Kuyambira mu 2005, ligiyi ili ndi malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, amene amatchedwa salary cap. Chaka choyamba malirewo anali madola 39 miliyoni, ndipo mu nyengo ya 2025-26 afika pa madola 95.5 miliyoni. Pa masewero alionse timu imalowetsa otchinga kumbuyo asanu ndi mmodzi kawirikawiri, ndipo awiri omalizira amapatsidwa mphindi zochepa, pomwe wachisanu ndi chiwiri amaonera masewerowo ali pamwamba atavala suti, kudikira tsiku limene mnzake adzavulale. Wosewera wotere akamalandira malipiro a katswiri, amatseka malo amene akanalipirira womwetsa zigoli.

Chitsanzo chabwino ndi wotchinga kumbuyo Marc Staal. Mu 2020, malire ataima pa madola 81.5 miliyoni chifukwa cha mliri wa Covid-19, New York Rangers inamupereka ku Detroit Red Wings pamodzi ndi mwayi wosankha m'ndime yachiwiri ya draft, pofuna kungochotsa madola 5.7 miliyoni amene ankawerengedwa pa dzina lake. Staal anali atatumikira Rangers zaka 13 mokhulupirika, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti munthu wotero anachoka ngati katundu wolemera amene mwini wake walipira wina kuti amusenzere. Detroit inali ikumanganso timu yake, mpata inali nawo, ndipo inagulitsa mpatawo.

Mwina mungafunse chifukwa chake samangomutsitsira ku ligi yaing'ono ya AHL. Kale zinkatheka: Rangers yomweyo inatsitsa Wade Redden mu 2010, ndipo madola 6.5 miliyoni ake anasiya kuwerengedwa. Njira imeneyi inatsekedwa mu 2013, moti lero timu imapeputsidwa ndalama zongopitirira pang'ono madola 1 miliyoni basi, zotsalazo zimawerengedwabe. Njira ina ndi yoti timu yoperekayo ipitirize kulipira gawo la malipiro, koma osapitirira theka.

Komabe wotchinga wotchipa ndi wosiyana kwambiri. Mu February 2023, Toronto Maple Leafs inapereka mwayi wa m'ndime yachitatu ku Vancouver Canucks kuti itenge Luke Schenn, amene ankawerengedwa madola 850,000 okha. Ine ndimaona kuti Toronto inachita mwanzeru, chifukwa m'masewero olimbirana Stanley Cup, chikho chachikulu cha ligiyi, otchinga kumbuyo amavulala kawirikawiri potseka puck (kachimbale kolimba kamene amamenya m'malo mwa mpira) ndi matupi awo, ndipo timu imene yagulitsa wachisanu ndi chiwiri wake imakakamizika kulowetsa mnyamata wa ku AHL amene sanayesedwepo pa masewero aakulu chotero.