Tikagule makompyuta, kapena pali china chabwino?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Domwe, m'boma la Angónia, amene amagwira ntchito ya zamagetsi ku Moatize. Iwo ndi anzawo asonkherana ndalama pang'ono kuti akalimbikitse ana a pasukulu ya kwawo kukonda sayansi ndi masamu. Akufunsa kuti: "Tigule makompyuta awiri kapena atatu tikapereke, kapena pali china chabwino?"

Achimwene, mwachita bwino kukumbukira kumudzi. Koma makompyutawo ayambe adikira. Sukulu ikakhala yopanda magetsi odalirika, kompyuta imangofikira m'kabati ya akulu a sukulu, poopa akuba ndi tizala ta ana. Pakatha chaka mudzaipeza itachita fumbi, batire itafa, mwana asanaikhudzepo n'kamodzi komwe.

Chimene mwana wa ku Domwe sanaone n'chakuti munthu amene ankaweta mbuzi m'dambo lomwelo lero akukonza makina a mgodi wa malasha. Ndiye mupite inuyo, mutavala ovolosi ndi chipewa chanu cha kuntchito, kachipangizo koyezera magetsi kali m'thumba.

Mutengenso njinga ya dayinamo. Muigoneke chagada, mwana mmodzi azungulitse pedulo ndi dzanja mpaka nyale iyake. Kenako tsegulani dayinamo ina yakutha, aone maginito ndi waya wakopa wokulungidwa m'katimo. Apa m'pamene muwauze za ku Songo, kumene kuli damu la magetsi. Pa damu la Cahora Bassa zimachitika n'zomwezi, kungoti amene amazungulitsa makina ndi madzi a Zambezi. Makinawo alipo asanu, aliwonse otulutsa mamegawati 415, onse pamodzi 2,075, ndipo gawo lalikulu la magetsiwo limayenda pa mawaya makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku South Africa. Kuyambira 2007 damuli lili m'manja mwa Mozambique. Afunseni anawo kuti amene akuliyendetsa lero akadzakalamba, adzalowe m'malo mwawo ndani. Ine ndimaona kuti mwana amene wayatsa nyale ndi dzanja lake amalimva funsoli mosiyana ndi amene wangokopera za damu pa bolodi.

Kachewere nayenso ali ndi ntchito, poti kwathu kuno sasowa. Bayani mbatata imodzi ndi msomali wa malata, mbali ina waya wakopa, muyeze: mupeza pafupifupi volti imodzi. Mukalumikiza zinayi mondondozana, kababu kofiira ka LED kamayamba kuthwanima. Musachite nokha anawo akungoonerera. Agaweni m'magulu, alakwitse, akanganepo. Ndipo fotokozani m'Chichewa kaye, amvetse, kenako muwapatse mawu ake a Chipwitikizi, chifukwa mayeso adzalemba m'Chipwitikizi.

Tsopano za ndalamazo. Chidwi cha tsiku limodzi sichichedwa kuzirala, ndipo chimene chimagwetsa ana ambiri ndi masamu. Ine ndikadakhala inu ndikadakambirana ndi aphunzitsi a masamu ndi fizikisi kuti Loweruka lililonse azikhala ndi ana maola awiri, inu n'kumawathokoza ndi kangachepe mwezi uliwonse. Zotsalazo mugule choko, marula, makampasi, makakyuleta ochepa ndi mapepala a mayeso a zaka za m'mbuyo. Si zinthu zojambulitsa pa Facebook, ndikudziwa, koma n'zimene zimakhozetsa mwana.

Anawo adziwenso kumene njirayi ikupita, chifukwa ambiri amaganiza kuti uinjiniya amaphunzira ku Maputo kokha. Chigawo chathu cha Tete chili ndi Instituto Superior Politécnico de Tete, kumene amaphunzitsa za migodi, ndi Instituto Superior Politécnico de Songo, kumene kuli za magetsi ndi za madzi. Ku Moatize kuli Instituto Médio de Geologia e Minas. Pa Ulongwe pomwepa yunivesite ya UniZambeze ili ndi nthambi yake ya zaulimi. Mulembe mayinawa pa bolodi, asafufutidwe msanga.

Ngati kuntchito kwanu kuli mayi wa zamagetsi kapena woyendetsa makina, mupite naye, ndipo muitanenso makolo. Atsikana ambiri amasiya sukulu osati chifukwa masamu awakanika, koma chifukwa kunyumba aona kuti akula. Amayi a mwana akamva kuchokera pakamwa pa mayi mnzawo kuti ntchitoyi ikumudyetsa, nkhani ya ukwati imayamba yaima.

Musanapite, mulembere akulu a sukulu ndi ofesi ya zamaphunziro ya boma, ija timaitcha SDEJT, ndipo amfumu adziwe. Mupewe masabata a mayeso ndi nyengo yopalira. Ndipo musanatsanzike tsiku loyambalo, muuze anawo tsiku limene mudzabwerenso, kuti akonzeretu choti adzakuonetseni.