Za monologue ndi soliloquy wafunsa zija

Eya mphwanga, ndamva funso lako, lakuti monologue n'chiyani ndipo ikusiyana pati ndi soliloquy. Ndingoyankhula pakamwa, tchera khutu.

Monologue ndi liwu lochokera ku Chigiriki: monos ndiye kuti mmodzi, logos ndiye kuti mawu. M'sewero, ndi pamene munthu mmodzi wayankhula nthawi yaitali popanda womudula pakamwa. Koma gwira apa, pakuti ambiri amagwera pomwepa pamayeso: womumvera amakhalapo ndithu, kungoti ali chete.

Tiyerekeze sewero la madzi osefukira. Ruo wadzaza, chimanga chapita. Mayi akuuza mwamuna wake kuti ndinanena ine tisamukire kumtunda, mbuzi zija zili kuti, ana adya chiyani. Bamboyo wangozolika pamkeka, kukamwa pululu ayi, ali duu. Imeneyo ndi monologue. Tsono bamboyo atuluke, mayi atsale yekhayekha n'kuyamba kuulula kuti nayenso mumtima sankafuna kusiya dimba la amayi ake. Apo yasanduka soliloquy, liwu la Chilatini: solus, yekha, loqui, kuyankhula. N'chifukwa chake m'soliloquy timamva zoona za mumtima, pomwe m'monologue munthu atha kunama kapena kunyengerera womumverayo. M'sewero la Shakespeare lotchedwa Macbeth, Act 2 Scene 1, Macbeth atauza wantchito kuti akagone, amatsala yekha n'kumaona mpeni m'malere. Ikabwera imeneyo, lemba soliloquy.

Ndiye ukapatsidwa ndime, usawerenge kutalika kokha. Yang'ana kamzere konena amene walowa ndi amene watuluka.

Ngati mukasewera pasukulu, yamba wadziwa amene ukumuuza, maso akhale pamenepo. Pezanso pomwe maganizo akutembenukira, kaya kuchoka paukali kupita pachisoni, uikepo chizindikiro ndi pensulo, ndipo popumira pako ndi pomwepo. Chimene chimaononga kwambiri n'kuloweza mawu okha ngati ndakatulo ya pa asembule. Liwu limangoyenda mulingo umodzi, anthu n'kuyamba kucheza. Chinanso n'kuthamanga chifukwa cha mantha, mpweya n'kuthera pakati pa chiganizo. Ndipo ndi kutentha kwathu kuno kwa Nsanje, kukhosi kumauma msanga, imwa madzi usanalowe. Mnzako wokhala cheteyo umuuze asamangoima ngati chitsa, nkhope yake iziyankha zomwe akumvazo.