Ndisiye ofesi ndikachite mestrado kunja? Yankho kwa achimwene a ku Moatize

Achimwene ena a ku Moatize anditumizira imelo, akuti ndi loya, carteira ya OAM (Ordem dos Advogados de Moçambique, bungwe la maloya) ali nayo, ntchito ikuyendako ndithu, koma mtima ukuwakokera kukachita mestrado ya malamulo a migodi kunja. Apite kapena akhale? Achimwene, funso lanuli landifika pamtima chifukwa inenso linandisowetsapo tulo.

Ine zinandiyamba pa nkhani ya malo. Ndinkayimira mabanja ena omwe kampani ina inkafuna kuwasamutsa, ndiye tsiku la msonkhano mbali inayo kunabwera maloya ochokera ku Maputo ndi ku Johannesburg atanyamula chikontalakiti chonenepa, cha Chingelezi chokhachokha. Lei de Terras ya 1997 ndinkaidziwa bwino, ndinawauza mosaphethira kuti munthu amene wakhala pamalo mwa mwambo wa makolo ali ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ngakhale alibe pepala, apo sanatsutse. Koma atayamba za arbitragem ya kunja (kuweruza mkangano popanda kupita ku khoti), za malamulo omwe mabanki obwereketsa ndalama amaika pa kusamutsa anthu, ndinangokhala cheu cheu, bolopeni ili m'manja osalemba kanthu. Potuluka agogo ena anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Adotolo, nanga manda a amuna anga asamuka nawo?" Yankho lake linali mu chikontalakiti chija ndipo ine sindinkatha kulipeza. Ndi chimene chinandipititsa ku South Africa kukaphunzira, osati china.

Sikunali kophweka ayi. Mwana ndinamusiya kwa amayi ku Ulongué, ndalama zomwe ndinasunga ukazisintha kukhala ma rand zimangosungunuka, kuwerenga milandu ya Chingelezi tsamba limodzi ndimalibwereza mpaka mutu kuwawa pomwe anzanga atseka kale mabuku. Ndipo chimene anthu sakuuzani ndi ichi, makasitomala sadikira. Munthu amene minibasi yake yagwidwa, kapena akulimbana ndi abale pa chuma cha masiye, sangayembekeze kuti mumalize dissertação, apita kwa loya wina ndipo akakhutira kumeneko sabweranso. Nditabwerako ofesi ndinachita kuyambiranso pansi.

Komabe ndikuti pitani. Ndikunena motsimikiza, pitani, koma mupite ndi funso la kuno kwathu m'thumba. Onani zomwe zachitika m'chigawo chathu chomwechi. Chifukwa cha mgodi wa malasha wa kampani ya Vale, mabanja anachotsedwa ku Moatize kupita ku Cateme cha m'ma 2009 ndi 2010, mu Januwale 2012 anthu anatseka njanji podandaula, ndipo lamulo lenileni la kusamutsa anthu, Decreto 31/2012, linatuluka pambuyo pa zonsezo. Lei de Minas yatsopano inabwera mu 2014. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi kwa kampani ya Vulcan, mapepala anasintha manja, nanga ndi ana angati a ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amene anakhala pa tebulo kuwerenga mapepalawo? Pano kukukambidwa za damu la Mphanda Nkuwa kumunsi kwa Cahora Bassa, anthu a m'mbali mwa Zambezi adzafunanso wowalankhulira, wodziwa chilankhulo chawo komanso chilankhulo cha makontalakiti. Zimandiwawa kwambiri kuona malasha ndi magetsi zikuchoka kuno, nzeru zolembera mapangano ake tikumachita kuitanitsa kwina.

Amene sindigwirizana nawo ndi aja opita kuti dzina litalike pa khadi, kapena oganiza kuti akamaliza azikagwira uloya komweko. LLM (mestrado ya malamulo) ya ku England sikupatsani chilolezo chogwira ntchito ngati solicitor, loya wa kumeneko, pali mayeso ena a uloya otchedwa SQE, ndalama zinanso, njira inanso. Ngati cholinga n'chosamuka, imeneyo ndi nkhani ina ndipo mundilemberenso tikambe zimenezo.

Ndiye kuti kwenikweni?

Portugal, Coimbra kapena Lisboa, n'kokoma chifukwa chilankhulo sichivuta ndipo malamulo athu ndi a mtundu umodzi, Código Civil yathu ndi yomwe ija ya 1966, koma mestrado yake imatenga zaka ziwiri ndipo zaka ziwiri ofesi ili yotseka si masewera. Kwa inu wa migodi ine ndingaloze kwa Chingelezi, poti makontalakiti akuluakulu amabwera m'Chingelezi. Ku Dundee ku Scotland kuli malo odziwika a malamulo a migodi, mafuta ndi magetsi, chaka chimodzi mwamaliza. Cape Town ndi Pretoria ndi pafupi, pakagwa zovuta kumudzi mutha kufika.

Za ndalama, yesani bolsa ya boma la Britain yotchedwa Chevening, amafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri ndipo mukamaliza mubwerere kwanu zaka zosachepera ziwiri. Palinso za Commonwealth poti Mozambique inalowamo mu 1995. Mayeso a Chingelezi a IELTS yambani kukonzekera pompano, musadikire kuti akuyankheni kaye. Ma quota a ku Ordem muzilipirabe muli komweko, milandu yomwe ili pakati muisiye m'manja mwa mnzanu wodalirika ndipo mulemberane pepala za kagawidwe ka ndalama, ndipo pobwerako mukachite equivalência ya digiriyo, kuti ivomerezedwe kuno kwathu, msanga musanaifune pofunsira ntchito. Akunyumba mukambirane nawo musanatumize fomu, chifukwa iwo ndi amene atsale ndi ana.