Kwa achimwene a gulu la zisudzo ku Ndirande

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mabwana ndi makampani a mu Blantyre muno amathira ndalama ku mpira ndi ku tchalitchi, koma inu mukalemba kalata yopempha thandizo la gulu lanu la zisudzo yankho silibwera. Ine ndinakhalapo msungichuma wa kagulu ngati kanuko ku Zingwangwa, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono.

Zoti sapereka, pamenepo ndikukana. Amapereka ndithu. Woyimba akakwera pa siteji bwana amadzuka n'kukamufupa anthu onse akuona. Akadwala timasonkha pa Mpamba ndi Airtel Money. Akatisiya ndiye osanena, bokosi lodula, matenti, mabasi opita kumudzi. Koma zonsezi ndi za tsiku limodzi. Chomwe chimapha magulu athu ndi lendi ya malo okonzekereramo sewero, mayunitsi a magetsi, thiransipoti ya anthu khumi, zokuzira mawu zobwereka sabata ndi sabata. Ndani anajambulitsapo atanyamula cheke chachikulu chogulira mayunitsi?

Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira ku French Cultural Centre. Lamlungu masana, kaya ndi gulu la zisudzo la Wakhumbata la malemu Du Chisiza Jr. kaya ndi la Kwathu, umayenera kufika msanga kuti upeze pokhala. Chimene Afalansa ankatipatsa kwenikweni chinali denga, siteji, magetsi, mlonda pageti ndi munthu wosunga kalendala ya zochitika. Gulu linkangobwera ndi luso lake, khomo n'kulipira lokha. Atatseka mu 2011, akuba anazulamo zambiri, ndipo ngakhale boma linagula malowo n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, kukonza kwake kwadya zaka. Ife eni mzinda, olemera ndi osauka omwe, tinkangodutsa pamsewu n'kumapukusa mitu.

Ndiye musamangoyang'ana kwa a mpondamatiki. Mayi Marie Da Silva ankagwira ntchito yolera ana ku Los Angeles pamene anasandutsa nyumba ya makolo awo ku Chigumula kukhala sukulu ya ana amasiye ya Jacaranda mu 2002. Aphunzitsi ankawalipira ndi gawo la malipiro awo a pamwezi. A CNN anadzawazindikira mu 2008, ntchito ili kale pakati. Lero ana akuphunzirako kuyimba, kuvina ndi kujambula, ndipo kunabadwanso Jacaranda Cultural Centre m'tauni muno, komwe alakatuli ndi oyimba achinyamata amapezako siteji. Mukapitanso ku Mandala House, nyumba ija ya mu 1882, m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe loyamba mu 1946 lomwe mamembala ake amasonkha chaka ndi chaka. Kupatsa kumene ndimakulemekeza ine ndi kotero, kwapang'onopang'ono koma kosadukiza.

Za mpira musadandaule nazo kwambiri. Kampani ikaika dzina pa jezi ya Maule kapena Manoma ikutsatsa malonda, chifukwa dzinalo limveka pa wailesi sabata iliyonse, ndipo pa Kamuzu Stadium pakhala khwimbi. Inunso mukamapita kwa iwo muzinena kuti sewero lathu lapitali linaoneredwa ndi anthu angati, kuti, liti. Mawu oti "tikutukula chikhalidwe" aliyense amalemba.

Tsono ndidziulule. Chaka china kampani ina, sinditchula dzina, inatipatsa kangachepe koti tizungulire m'masukulu. Tinazunguliradi, koma malisiti sitinasunge, lipoti sitinalembe, ngakhale kalata yothokoza sitinatumize. Ndalama ina inapita ku chiwaya, ina tinagawana ati ya sopo. Chaka chotsatira titabwereranso, mayi wa mu ofesi muja anangotifunsa mofatsa kuti ya chaka chatha ija inayenda bwanji. Tinangoti kukamwa yasa. Tinatseka khomo lathu, mwinanso la magulu ena obwera m'mbuyo mwathu, paja nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Choncho lembetsani gulu lanu, tsegulani akaunti ya ku banki yosayinira anthu awiri kapena atatu, ndipo amene amalemba masewerowo akalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso.

Kumbali ya atsogoleri, khansala wanu mukumudziwa? Ambiri timamuona nthawi ya kampeni basi, pomwe akufuna gule ndi sewero losonkhanitsira anthu. Pitani pa misonkhano ya chitukuko cha m'dera, mukafunse ngati holo ya khonsolo singaperekedwe kwa achinyamata masana a mkati mwa sabata pamtengo wotsika. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zimamanga milatho ndi midadada ya sukulu, koma za siteji sizingakambidwe ngati inu kulibe pamene anthu akusankha zochita.

Sabata ino yambani ndi ahedi a sukulu yoyandikana nanu, mupemphe kalasi imodzi Lachiwiri ndi Lachinayi ana akaweruka, inu muzisesa ndi kuphunzitsako ana awo zisudzo. Gulani kabuku ka malisiti ku Limbe. Mukakhazikitsa tsiku la sewero mundidziwitse, ine ndi mayi akunyumba tidzabwera, ndipo tikiti tidzagula pakhomo, yaulere musatisungire.